Kuyeza chinyontho, mitambo ndi mphepo pogwiritsa ntchito masetilaiti

Kuyeza chinyontho, mitambo ndi mphepo pogwiritsa ntchito masetilaiti ndi luso la akatswiri a zanyengo losandutsa kuwala ndi kutentha kochokera padziko kukhala manambala othandiza polosera nyengo. Setilaiti ilibe chotungira mvula ndipo siikhudza mpweya umene ikuyeza. Imangolandira cheza chochokera kunthaka, kunyanja, kumitambo ndi kumpweya. Kuchuluka kwa chinyontho, msinkhu wa mtambo, liwiro la mphepo ndi kuchuluka kwa mvula zimachita kuwerengetsedwa kuchokera ku cheza chimenechi. N'chifukwa chake zotsatira zake zimayenera kuyerekezedwa nthawi zonse ndi zimene zida zapansi zayeza. Njirayi ndi yofunika kwambiri m'madera a ulimi wodalira mvula kumene malo oyezera nyengo ndi otalikirana, monga m'chidikha cha Kasungu m'chigawo chapakati cha Malawi, komwe kumalimidwa fodya wambiri.

Mbiri yake

Setilaiti yoyamba kutumiza bwinobwino zithunzi za mitambo inali TIROS-1, yomwe dziko la America linaulutsa pa 1 Epulo 1960. Mu 1966 setilaiti ya ATS-1 inanyamula kamera yomwe inapangidwa motsogozedwa ndi Verner Suomi. Kamerayi inkajambula mbali imodzimodzi ya dziko mobwerezabwereza, ndipo akatswiri, kuphatikizapo Tetsuya Fujita, anayamba kulondola kayendedwe ka mitambo pazithunzi zotsatizana kuti adziwe mphepo.

Ku Afrika kusintha kwakukulu kunabwera ndi Meteosat-1, yomwe maiko a ku Ulaya anaulutsa mu Novembala 1977. Setilaitiyi inali ndi chida choona nthunzi ya madzi mumlengalenga kuwonjezera pa mitambo. Lero masetilaiti a Meteosat amayendetsedwa ndi bungwe la EUMETSAT, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986 ndipo likulu lake lili ku Darmstadt m'dziko la Germany. Gulu lachiwiri la masetilaitiwa linayamba kuulutsidwa mu 2002, ndipo setilaiti yoyamba ya gulu lachitatu inaulutsidwa pa 13 Disembala 2022.

Mitundu iwiri ya masetilaiti

Mtundu woyamba ndi wa masetilaiti okhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta. Pamtunda umenewu setilaiti imazungulira dziko kamodzi patsiku, mofanana ndi mmene dziko limazungulirira, choncho imaoneka ngati yaima malo amodzi. Meteosat yaikulu imakhala pa longitude 0, pamwamba pa nyanja ya kumadzulo kwa Afrika. Ina imayang'anira dera la Indian Ocean, ndipo kuyambira mu 2022 ntchitoyi inaperekedwa kwa Meteosat-9 pa madigiri 45.5 kummawa. Dziko la Malawi limaoneka kuchokera kumalo onse awiri.

Mtundu wachiwiri ndi wa masetilaiti ouluka m'munsi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 800, modutsa kufupi ndi nsonga ya kumpoto ndi ya kummwera kwa dziko. Chitsanzo ndi masetilaiti a Metop, omwe anaulutsidwa mu 2006, 2012 ndi 2018. Amenewa amaona pafupi ndipo amanyamula zida zamitundumitundu, koma iliyonse imadutsa malo amodzi kawiri kokha patsiku. Metop imadutsa chakummawa ndi usiku, pamene mvula yamabingu ya ku Kasungu kawirikawiri imakula masana ndi madzulo. Motero poyang'anira mtambo womwe ukukula, akatswiri amadalira mtundu woyamba uja, ndipo wachiwiri umathandiza kupereka tsatanetsatane wa mpweya.

Chimene setilaiti imayeza

Chinthu chilichonse chimatulutsa cheza molingana ndi kutentha kwake. Cheza chimayenda ngati mafunde a utali wosiyanasiyana, ndipo diso la munthu limaona kachigawo kochepa chabe. Chida cha pasetilaiti chimagawa chezachi m'magawo otchedwa machanelo. Chida cha SEVIRI, cha gulu lachiwiri la Meteosat, chili ndi machanelo 12 ndipo chimajambula mbali yonse ya dziko yomwe chikuiona pa mphindi 15 zilizonse. Kadontho kamodzi ka chithunzi chake kamaimira malo a makilomita 3 m'litali ndi m'lifupi pansi penipeni pa setilaitiyo, ndipo kamakula pamene malo akutalikira.

Machanelo ena amalandira kuwala kwa dzuwa komwe mitambo ndi nthaka zabweza, ndipo amagwira ntchito masana okha. Ena amalandira cheza cha kutentha chotchedwa infrared, chomwe chimakhalapo usana ndi usiku. Utali wa mafunde ake umayezedwa mu micrometre, chizindikiro chake µm, ndipo ma micrometre 1,000 amapanga milimita imodzi. Masetilaiti ouluka m'munsi amalandiranso mafunde ataliko otchedwa microwave, omwe amatha kupyola mitambo yambiri.

Mitambo

Mpweya umazizira munthu akamakwera m'mwamba, mwachizolowezi ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse. Chanelo ya 10.8 µm imayeza kutentha kwa chinthu choyamba chomwe ikuchiona kuchokera kumwamba. Kukakhala kopanda mitambo imaona nthaka yotentha, koma pakakhala mtambo imaona denga la mtambowo. Mtambo wozizira kwambiri ndiye kuti wakwera kwambiri. Mitambo ya mvula yamabingu imatha kufika makilomita 12 kapena kuposerapo, ndipo denga lake limazizira mpaka madigiri 60 pansi pa ziro, nthawi zina kupyola apo.

Kuzizira kokha sikukwanira. Mitambo yopyapyala yonga nthenga, yomwe imakhala m'mwamba kwambiri, imaonekanso yozizira koma siigwetsa mvula. Pofuna kuisiyanitsa, akatswiri amayerekeza machanelo angapo. Kusiyana kwa 10.8 µm ndi 12.0 µm kumakula pa mtambo wopyapyala ndipo kumachepa pa wochindikala. Machanelo a 1.6 µm ndi 3.9 µm amathandiza kudziwa ngati denga la mtambo lili ndi timadontho ta madzi kapena tizidutswa ta madzi oundana, komanso kukula kwa tizidutswato. Olosera amayang'ananso liwiro lomwe denga likuzizirira. Mtambo womwe wazizira ndi madigiri ambiri pakati pa zithunzi ziwiri zotsatizana ndi wokula mofulumira, ndipo ukhoza kubweretsa mphepo yamkuntho, mphenzi kapena matalala.

Chinyontho

Nthunzi ya madzi siioneka ndi maso, koma imameza ndi kutulutsanso cheza pa mafunde ena. SEVIRI ili ndi machanelo awiri a ntchito imeneyi. Ya 6.2 µm imaona chinyontho cha kumtunda, ndipo ya 7.3 µm imaona cha pakatikati pa mlengalenga. Mpweya ukakhala wonyowa, cheza chofika kusetilaiti chimachokera m'mwamba mozizira. Ukakhala wouma, setilaiti imaona mozama mpaka kumpweya wofunda wa m'munsi. Pazithunzi zozolowereka, malo onyowa amaoneka oyera ndipo ouma amaoneka akuda. Zithunzi zotere zimaonetsa mitsinje ya chinyontho ndi zigawo za mpweya wouma ngakhale kumene kulibe mtambo uliwonse.

Machanelowa saona chinyontho cha pafupi ndi nthaka, chomwe ndicho chambiri. Pofuna kudziwa mmene chinyontho chagawikira kuyambira pansi mpaka m'mwamba, pamagwiritsidwa ntchito zida zina. IASI, ya pa Metop, imayeza cheza cha infrared m'machanelo 8,461, ndipo chanelo iliyonse imamva bwino msinkhu wakewake. Chida cha MHS chimayeza mafunde a microwave pafupi ndi 183 GHz, pomwe nthunzi ya madzi imameza cheza kwambiri. Njira ina ndi yoyeza mmene uthenga wa masetilaiti a GPS wapindikira podutsa mumpweya, chifukwa kupindikako kumadalira kutentha ndi chinyontho. Zotsatira zake nthawi zina zimaperekedwa m'mamilimita, kutanthauza kuzama kwa madzi omwe angapezeke nthunzi yonse ya pamwamba pa malowo itasanduka madzi.

Mphepo

Mphepo ya m'mwamba imadziwika polondola chinthu chomwe ikuchikankha. Kompyuta imasankha kachigawo ka mtambo kapena ka nthunzi pachithunzi chimodzi, kenako n'kukafunafuna pazithunzi zotsatira, kawirikawiri zitatu zotsatizana. Mwachitsanzo, kachigawo kakasuntha makilomita 18 kulowera kummawa pa mphindi 15, ndiye kuti mphepo ikuchokera kumadzulo pa liwiro la makilomita 72 pa ola. Chotsala ndi kudziwa msinkhu womwe mphepoyo ikuomba, ndipo izi zimachokera pa kutentha kwa kachigawo kaja. Apa ndi pomwe pamalowa zolakwika zambiri, chifukwa mtambo wopyapyala umalola kutentha kwa pansi kudutsa ndipo umaoneka ngati uli m'munsi kusiyana ndi pomwe uli. Palinso mitambo yosayenda ndi mphepo, monga yomwe imakhazikika pamwamba pa mapiri.

Mphepo ya pamwamba pa nyanja imayezedwa mwa njira ina. Chida cha ASCAT cha pa Metop chimatumiza mafunde a radar pamadzi n'kuyeza omwe abwerera. Madzi a mafunde ambiri amabweza cheza chochuluka kusiyana ndi madzi abata. Njirayi imathandiza poyeza anamondwe pa Indian Ocean ndi panyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Pamtunda siipereka mphepo, koma imathandiza kuyerekeza chinyontho cha m'nthaka yapamwamba. Setilaiti ya Aeolus, yomwe inagwira ntchito kuyambira 2018 mpaka 2023, inayesa kuyeza mphepo ndi kuwala kwa laser ndipo inapereka mphepo ya misinkhu yosiyanasiyana ngakhale mumpweya wopanda mitambo.

Kuyerekeza mvula

Njira yofala ku Afrika ndi yowerenga maola omwe mtambo wozizira kupyola malire ena wakhala pamwamba pa malo. Maolawo amayerekezedwa ndi mvula yomwe zida zapansi zinayeza m'zaka zapita kuti papezeke ubale wa maola ndi mamilimita. Ntchito ya TAMSAT, ya ku yunivesite ya Reading ku Britain, imachita izi ndi zithunzi za Meteosat ndipo ili ndi mbiri ya mvula ya Afrika kuyambira 1983. CHIRPS, ya ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, imaphatikiza zithunzi za infrared ndi manambala a malo oyezera mvula kuyambira 1981, pa timabokosi ta makilomita pafupifupi 5. Setilaiti ya GPM, ya America ndi Japan, yomwe inaulutsidwa mu Febuluwale 2014, ili ndi radar yoona madontho a mvula mkati mwa mtambo.

Kuyerekeza kotere kumakhala kodalirika pa mvula ya masiku 10 kapena ya mwezi m'dera lalikulu, ndipo kumafooka pa mvula ya tsiku limodzi pamunda umodzi. Kumagwira bwino pa mvula yamabingu ya m'madera athyathyathya, koma kumaphonya mvula yochokera kumitambo yam'munsi yofunda, monga chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje.

Mmene uthenga umafikira ku Malawi

EUMETSAT imaulutsa zithunzi ndi manambala ake kudzera mu njira ya EUMETCast, yomwe imalandiridwa ndi dishi yonga ya wailesi yakanema. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ntchito ya PUMA, yolipiridwa ndi European Union, inapereka zida zolandirira uthengawu kunthambi za zanyengo za maiko a mu Afrika. Ku Malawi ntchito yolosera ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, DCCMS mwachidule, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Nthambiyi imatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku, machenjezo, chikalata cha zaulimi cha masiku 10 aliwonse ndi ulosi wa nyengo yonse ya dzinja.

Gawo lalikulu la manambala a masetilaiti limafika mosaonekera. Malo akuluakulu olosera nyengo, monga ECMWF ya maiko a ku Ulaya, amalowetsa manambalawa m'makompyuta awo kangapo patsiku kuti adziwe mmene mpweya ulili asanawerengetse za mawa. Ku Afrika, komwe mabaluni oyezera mpweya wa m'mwamba ndi ochepa, masetilaiti ndi omwe amatseka mpata waukulu. Za anamondwe a kummwera chakumadzulo kwa Indian Ocean zimalengezedwa ndi malo a Météo-France a pachilumba cha La Réunion, omwe amayerekeza mphamvu ya namondwe poona maonekedwe ndi kuzizira kwa mitambo yake, njira yomwe Vernon Dvorak anaikonza m'zaka za m'ma 1970. Namondwe wa Freddy, yemwe anasakaza chigawo chakummwera cha Malawi mu Malichi 2023, analondoledwa motere kuchokera kufupi ndi Australia. Bungwe la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa.

M'chidikha cha Kasungu

Boma la Kasungu lili m'chidikha chotambalala kuchokera ku Lilongwe, pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo m'zaka zambiri siipitirira mamilimita 1,000. Imabwera makamaka pamene dera lokumaniranapo mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera, lotchedwa ITCZ, latsikira ku Malawi, komanso pamene mpweya wonyowa wochokera ku Congo walowa kuchokera kumpoto chakumadzulo. Zonse ziwirizi zimaoneka pazithunzi za masetilaiti. ITCZ imaoneka ngati mzere wa mitambo yozizira, pamene mpweya wa ku Congo umadziwika ndi chinyontho chake ndi mbali yomwe mphepo ikuchokera. Mpweya wouma ukakhazikika pakatikati pa mlengalenga, mitambo imalephera kukula ndipo ng'amba imayamba.

Kasungu ndi limodzi mwa maboma olima fodya wambiri. Kuli fodya wa burley woumitsidwa ndi mpweya m'zigafa ndi wa flue-cured woumitsidwa ndi moto m'mabalani, ndipo msika wa Chinkhoma uli m'boma lomweli. Pafupifupi ntchito iliyonse ya mbewuyi imayendera nyengo. Mbande zochokera kunazale zimafuna nthaka yonyowa mokwanira powokera. Mlimi wonyengeka ndi mvula ya chizimalupsa amataya mbande ngati padutsa masabata ouma. Feteleza wothiridwa mvula yamphamvu itayandikira amakokoloka. Matalala amaboola masamba, ndipo tsamba lobooka limatsika mtengo. Nthawi yothyola, kuyambira Januwale mpaka Malichi, imagwera mkati mwa dzinja. Chinyezi chikachuluka masiku ambiri motsatizana, burley amawola m'chigafa, ndipo mpweya ukauma kwambiri tsamba limauma msanga lisanatenge mtundu wabwino.

Pa zosankha zimenezi setilaiti imathandiza mosiyanasiyana. Pa mvula yamabingu ya lero, zithunzi za mphindi zochepa zilizonse zimapereka chenjezo la maola ochepa. Pa masiku angapo akubwera, thandizo limadzera mu ulosi wa makompyuta. Pa nyengo yonse, chofunika ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja zamchere, komwenso masetilaiti amayeza, chifukwa El Niño kawirikawiri amachepetsa mvula kummwera kwa Afrika. Koma chinyezi cha mkati mwa chigafa setilaiti siichiona. Chimenecho mlimi amachidziwa pogwira tsamba, kapena poyeza ndi chida pamalo pomwepo.

Inshuwalansi yoyendera mvula

Mu 2005 alimi a mtedza 892 a bungwe la NASFAM anagula inshuwalansi yolipira molingana ndi mvula yoyezedwa, pa ntchito yothandizidwa ndi World Bank. Kasungu linali limodzi mwa madera oyambira, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafikira alimi a fodya. Lamulo linali lakuti mlimi akhale mkati mwa makilomita 20 kuchokera pamalo oyezera mvula, zomwe zinasiya kunja alimi ambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe inshuwalansi zamtunduwu zinayamba kudalira mvula yoyerekezedwa ndi masetilaiti.

Zomwe zinachitika m'nyengo ya 2015/16 zinaonetsa kuti manambala a setilaiti paokha sakwanira. Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union lomwe limagwiritsa ntchito mvula ya masetilaiti powerengetsa madzi omwe mbewu yalandira. Chilala chinagwa, mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu pafupifupi 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Komabe poyamba pulogalamu ya bungweli sinaonetse kuti pafunika kulipira. Kafukufuku anapeza kuti pulogalamuyo inaikidwa ngati alimi abzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anabzala chocha msanga cha masiku pafupifupi 90, chomwe ng'amba inachipeza pa nthawi yovuta. Atakonza zimenezi, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni a ku America, patapita miyezi yambiri chikololere.

Malire a njirayi

Kadontho kamodzi ka chithunzi cha Meteosat pamwamba pa Kasungu kamakuta midzi ingapo, pamene mvula yamabingu imatha kugwa m'mudzi umodzi n'kulumpha woyandikana nawo. Setilaiti ya pa longitude 0 imaonanso Malawi chammbali, choncho mtambo wautali makilomita 12 umaoneka ngati wasunthira chakummawa ndi makilomita pafupifupi 10, pokhapokha kompyuta itakonza zimenezi. Cheza cha infrared sichipyola mtambo wochindikala, motero zomwe zili pansi pake zimabisika. Mafunde a microwave amasokonezeka pamtunda chifukwa nthaka yonyowa, youma ndi yazomera zimatulutsa cheza mosiyana. Pa zifukwa izi zida zoyezera mvula, malo oyezera nyengo odziyendera okha ndi anthu olemba mvula tsiku ndi tsiku amakhalabe maziko. Kumene zida zapansi zachepa kapena zasiya kugwira ntchito, manambala a setilaiti nawonso amachepa mphamvu chifukwa amasowa choyerekezera.

Masetilaiti atsopano

Setilaiti yoyamba ya gulu lachitatu, yomwe pano imatchedwa Meteosat-12, inayamba ntchito yake mokhazikika kumapeto kwa 2024. Chida chake cha FCI chili ndi machanelo 16, chimajambula pa mphindi 10 zilizonse ndipo chimaona malo aang'ono a kilomita imodzi kapena awiri. Ilinso ndi makamera ojambula ziphaliwali usana ndi usiku pamwamba pa Afrika ndi Ulaya, zomwe zimathandiza kusiyanitsa mtambo wa mabingu ndi mtambo wongozizira. Pa 1 Julayi 2025 kunaulutsidwa setilaiti ina ya gulu lomweli, MTG-S1, yonyamula chida choyeza kutentha ndi chinyontho pamisinkhu yosiyanasiyana kuchokera pamtunda wa makilomita 36,000, ntchito yomwe ku Afrika inkachitidwa ndi masetilaiti ouluka m'munsi okha.